Golide wa a Tcheyamani

Bambo anga ankanyambita miyala. Ndiyambe ndi zimenezo, chifukwa anthu akale a ku Mchengautuwa amene adakali moyo, ndikawatchulira za iwo, ndicho chinthu choyamba chimene amakumbukira. Munthu akabwera ndi mwala pakhomo pathu, bambo ankaulandira ndi manja awiri, kuupukuta pa buluku, kenaka kuupititsa kukamwa. Ankati malovu amachotsa fumbi n'kuonetsa mtundu weniweni, ndipo mwala wina umamata lilime pamene wina sumata. Mayi zimenezi zinkawanyansa kwabasi.

"Inu, mwalawo autola kuseri kwa chimbudzi cha eni ake, ndiye mukuika m'kamwa momwe mumapempherera?" ankatero mayi ali pakhomo la khitchini.

Bambo ankangoseka, kusekako n'kusanduka kutsokomola.

Kwawo kunali ku Ntcheu. Anapita ku Joni ali mnyamata, nakhala zaka zambiri pansi pa nthaka, ndipo zaka zomalizira ankanyamula matumba a mzungu wina woyeza miyala mumgodimo. Kumeneko ndi kumene anaphunzira. Pobwerera anabwera ndi zinthu ziwiri, chifuwa chosapola ndi bokosi lamatabwa lodzaza miyala yokutidwa m'tinsanza. Ku Mzuzu anabwera ndi ntchito ya msewu, ali kapitawo pamalo oswera miyala, ndipo kumeneko anakumana ndi mayi, mkazi wa ku Nkhata Bay wokonda tchalitchi ndi sukulu mofanana. Ana anabadwa anayi, amene ndinakula ndine ndekha. Pa nthawi imene ndikunenayi bambo anali atasiya ntchito, chifukwa sankatha kukwera kachitunda ka kumsika osapumira panjira kawiri.

Poti mwana wamwamuna panalibe, nzeru za miyalazo anathira mwa ine. Zida zawo zinali zoseketsa: mpeni wa m'thumba, msomali, chidutswa cha galasi la windo, botolo la viniga, kahamala, ndi kapu yoyera yosweka khutu imene pansi pake panali kamkombero kosasalala. Ankandikhazika pa khonde m'mawa kukuwaza kamvula kaja ka ku Mzuzu kosatha, n'kundipatsa mwala. Choyamba uyang'ane. Kenaka uuyese kulemera m'dzanja. Ukande ndi chikhadabo, chikalephera utenge mpeni, mpeni ukalephera uone ngati mwalawo ukukanda galasi. Nsangalabwi imakanda galasi, mpeni suiluma. Mwala wotchedwa maika umanyezimira ngati chinthu chodula koma umasendeka ndi chikhadabo, timapepala timapepala. Mwala wa laimu ukaudonthezera viniga umachita thovu n'kumalira pang'onopang'ono. Ukafuna kudziwa mtundu weniweni wa mwala wonyezimira ngati chitsulo, uukhule pansi pa kapu ija uone mzere umene usiye, chifukwa kunja mwala umanama koma ufa wake sunama. Hamala inali yomaliza, ndipo nthawi zambiri sankalola n'komwe kuti ndiigwire.

Anthu ankabwera ndithu, a ku Salisbury Lines, a ku Mzilawaingwe, ena ochokera kumidzi ya ku Mzimba atamanga mwala pa ngodya ya mpango. Aliyense ankabwera mtima uli m'mwamba, ndipo pafupifupi aliyense ankayenera kukhumudwa. Apa ndi pamene ine ndi bambo tinkasiyana. Iwo sankanena msanga. Ankayamba afunsa za kumudzi, za mvula, kuti mwalawo unapezeka poti, mozama bwanji, kenaka n'kuyamikira kuti munthuyo ali ndi maso akuthwa. Pomaliza penipeni ndi pomwe ankati, "Uwu ndi mwala wabwino zedi pa maziko a nyumba, sufumbutuka." Munthu ankachoka akuthokoza, osadziwa bwinobwino kuti wauzidwa kuti wanyamula chabe. Ine zimenezi zinkanditopetsa. Ndinali mphunzitsi wa Sitandade 6, wa zaka makumi awiri ndi zisanu, wozolowera kuti yankho likakhala lolakwa umalemba mtanda wofiira basi. Pakamwa panga pankathamanga kuposa mutu, ndipo ndinkaziyesa nzeru.

Inali nthawi ya chipani chimodzi. Amene sanaione nthawiyo amaganiza kuti tinkangokhala tikunjenjemera, koma ayi, tinkaseka, tinkakwatira, tinkakangana za nkhuku. Kungoti khadi la chipani linkayenda nawe kumsika ndi pokwera basi, ndipo munthu asananene chinthu choseketsa ankayamba wayang'ana amene ali kumbuyo kwake. Anthu ankatengedwa, ndipo banja lawo silinkafunsa mokweza.

Tcheyamani wa chipani m'dera lathu anali mmisiri wa matabwa, bambo wamtali wa mawu aakulu. Ndinene chilungamo, sanali chilombo cha tsiku ndi tsiku. Mphepo itasasula denga lathu chaka china, ndi iwo amene anabwera ndi anyamata kudzakhoma malata, osapempha kanthu. Koma ankafunitsitsa kukwera, ndipo ankadana ndi kusekedwa kuposa chinthu china chilichonse.

Chaka chimenecho kunamveka kuti mtsogoleri wa dziko akubwera kumpoto kudzayendera mbewu. Mwambo wake unali wakuti dera lililonse lipereke mphatso pa msonkhano, ndipo ankalengeza pa chimkuzamawu kuti dera lakuti lapereka ng'ombe, lakuti mbuzi, lakuti madengu a mazira. Matcheyamani ankapikisana pamenepo. Ndiye zinachitika kuti alamu awo a tcheyamani wathu, pokumba chitsime ku Mzilawaingwe, anagunda thanthwe lokhala ndi timiyala tachikasu tonyezimira, tangodyangodya ngati wachita kusema. A tcheyamani sanadikire. Anakauza akuluakulu a chipani kuti Mchengautuwa chaka chino apereka golide, nakhoma kabokosi kokongola ka mlombwa, mkati n'kuyalamo nsalu. Zonsezi tinazimva pambuyo pake.

Anabwera kwathu Loweruka masana, kutangokata mvula. Sanabwere okha. Panali mayi wamkulu wa amayi a chipani, anyamata anayi a chipani a malaya ofiira, ndi khamu la anthu limene linangowatsatira poona kabokosi kananyamulidwa ngati mwana wakhanda. Bwalo lathu linadzaza mpaka ku mpanda. Ine ndinali pa khonde ndikuchonga makope.

"Monire adada! Muli uli?" anatero a tcheyamani m'Chitumbuka chawo chosakaniza ndi Chichewa, nkhope ikuwala. "Lero tabwera ndi nkhani yiwemi chomene. Imwe ndimwe katswiri withu, munaona golide na maso ghinu ku Joni. Tiuzeni pamaso pa wanthu aŵa kuti ichi n'chivichi. Ndipo pa tsikulo mudzaima pafupi na ine, tidzakutchulani pa chimkuzamawu kuti mwayeza ndimwe."

Anatsegula kabokosiko. Bambo anatenga mwala umodzi, nautembenuza kamodzi, ndipo sanaunyambite. Moyo wanga wonse ndinali ndisanaonepo mwala ukufika m'manja mwawo osapita kukamwa. Ndinadziwa kuti auzindikira, chifukwa inenso ndinali nditauzindikira ndili patali. M'bokosi la bambo lija munali mnzake, ku mgodi ankautcha pairaiti, mwala umene umapusitsa aliyense wofika kumene.

Panopa ndimaona bwino pamene bambo anaima tsiku limenelo. Akanati ndi golide, mwalawo ukanapita kwa oyeza a boma, ndipo dzina lawo likanakhala la munthu amene ananamiza mtsogoleri wa dziko pamaso pa mtundu wonse. Akanati si golide, akanavula a tcheyamani pagulu. Ndiye anafuna njira yapakati.

"A tcheyamani," anatero mofatsa, "mwandilemekeza. Koma maso angawa anatha, ndipo kunja kuli mitambo. Chinthu chopita kwa akuluakulu sichiyezedwa mothamanga. Bwanji mubwere mawa tikatuluka m'tchalitchi, inu nokha, tidzakhale pansi awiri tidzauone bwino?"

"Yayi adada, mawa kutali. Wanthu aŵa wabwera kuti wamve lero."

"Ndikupemphani, bwana. Mawa, awiriwiri."

Kenaka anayamba kutsokomola, chifuwa chenicheni chosakaniza ndi chongowonjezera, atagwira nsanamira ya khonde. Munthu wanzeru akanamva kuti amutsegulira khomo lotulukira, ndipo ndikukhulupirira kuti a tcheyamani anali atayamba kumva, chifukwa ndinaona nkhope yawo ikusintha. Koma mmodzi wa anyamata a malaya ofiira, amene ndinamuphunzitsapo ndipo analephera Sitandade 6 kawiri, anayankhula mokweza.

"Mdalayu palibe chimene amadziwa. Amangonamiza anthu. Mwina ku Joniko ankatsuka zimbudzi."

Anthu anaseka. Bambo anazyolika.

Mtima wanga unapsa nthawi yomweyo. Sindinaganize za china chilichonse koma kuti bambo anga, amene mapapo awo anatsala ku mgodi, akunyozedwa pakhomo pawo ndi mwana wosatha ngakhale masamu ochotsera. Ndinalowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kapu ija ndi kahamala. Mayi anandigwira chitenje pakhomo, ndinawapulumuka. Ndinatenga mwala m'kabokosi muja osapempha.

"Bwerani pafupi nonse muone," ndinatero ndi mawu anga a m'kalasi. "Golide ukamukhula apa amasiya mzere wachikasu. Taonani uwu."

Ndinakhula. Mzere unatuluka wakuda bii, wobiriwirako pang'ono, ndipo ndinakweza kapuyo m'mwamba kuti a kumbuyo aone.

"Mwanawe," anatero bambo chapansipansi. "Basi."

Ndinawamva. Sindinganame kuti sindinawamve. Koma ndinali nditayamba kukomedwa nazo.

"Chachiwiri, golide ndi wofewa. Ukamumenya amaphwatalala ngati mtovu, sasweka."

Ndinauika pa mwala wa pakhonde n'kumenya kamodzi. Unangoti phwa, n'kusanduka zinyenyeswa zakuda, ndipo panatuluka fungo ngati la machesi ozima. Kenaka mayi wina kumbuyo, sindinamuone nkhope mpaka lero, anati, "Golide wakununkha!" ndipo anthu anaphulika kuseka. Ena ankagwira pakamwa, ena anathawira kuseri kwa mpanda kukasekera komweko. Ngakhale mayi wamkulu wa chipani uja anatembenukira kumbali mapewa akugwedezeka.

A tcheyamani sanakalipe. Anawerama, natola zinyenyeswa zija chimodzichimodzi n'kuika m'kampango kawo, natseka kabokosi. Kenaka anandiyang'ana.

"Yewo chomene, asambizgi," anatero, akundithokoza ngati mphunzitsi amene wawaphunzitsa. "Mwatisambizga."

Anthu atabalalika, mayi anakhala pansi pa khonde ponyowa pomwepo, manja ali kumutu.

"Sukulu imene tinakutumizayo ndi imeneyi?" anandifunsa.

Ine ndinali ndidakali wotentha. Ndinati ndawapulumutsa a tcheyamaniwo, akanapita nawo mwalawo ku msonkhano akanathera kundende, ayenera kudzandithokoza. Ndinatinso sindikanalola kuti bambo atukwanidwe.

"Ukuganiza kuti ine sindinauone?" anatero bambo. "Mawa ndikanawauza ali okha. Akanapeza chonena kwa akuluakulu awo, akanati mwalawo wapita kukayezedwa, nkhani n'kufera pomwepo. Kutukwanidwa ndi mwana uja sikukanandichotsa kanthu."

Sanakweze mawu. Anatola kapu ndi hamala n'kukazibwezera m'bokosi, ndipo tsiku limenelo sanadye.

Msonkhano unachitika. Mchengautuwa anapereka mbuzi ziwiri ndi mazira ngati chaka china chilichonse, ine ndinaimika ana anga m'mbali mwa msewu kuyambira m'mawa akugwedeza timbendera. Ndinayamba kuganiza kuti nkhani yatha. Koma ana a m'dera lathu anali atautola mawu aja. A tcheyamani akamadutsa pa njinga, kamwana kankafuula kuseri kwa nthochi kuti golide wakununkha, n'kuthawa. Ndinkawakalipira a m'kalasi mwanga, koma moto unali utapita kale.

Patatha milungu itatu, Lachiwiri m'mawa ndikuvala nsapato kuti ndizipita kusukulu, panaima galimoto pamsewu. Anatsika amuna awiri ovala zovala wamba, aulemu wake, napereka moni. Anati bambo akufunika akayankhe mafunso pang'ono. Anati pali lipoti lakuti amasunga miyala yamtengo wapatali popanda chilolezo, amagulitsa kwa anthu akunja, ndipo phindu lake limapita kwa zigawenga zimene zinathawa m'dziko. Aliyense ankadziwa kuti mlandu wotchulidwa zigawenga supita kukhoti.

"Tengani ine," ndinatero. "Amene ndinaswa mwala uja ndine. Bambowa akudwala."

"Mwala uti, mayi?" anafunsa mmodzi, nkhope ili gwa. "Ife za mwala woswedwa sitikuzidziwa. Tatumidwa bambowa ndi bokosi lawo."

Bambo anavala jekete lawo la kutchalitchi. Mayi anawaponyera bulangete paphewa, mmodzi wa amuna aja analichotsa n'kulibweza, nati sakachedwa. Bokosi analinyamula awiri, linali lolemera. Anansi onse anali m'nyumba zawo, zitseko zotseka, dzuwa lili mbee.

Ine ndi uphunzitsi wanga ndinkakhulupirirabe kuti chinthu chikakhala cholakwika umangofunika kuchionetsa. Ndinagula viniga, ndinatenga mpeni wa kukhitchini, chidutswa cha galasi ndi sosala yosweka, n'kupita kupolisi. Masiku anayi ndinkakhala pa benchi kuyambira ndikaweruka mpaka atatseka, akundiuza kuti bwana kulibe. Tsiku lachisanu wapolisi wina wachikulire, wa mayankhulidwe a ku Mulanje, anandilowetsa mu ofesi yake. Bokosi la bambo linali pakona, tinsanza tija titamwazika.

"Bwana, ndiloleni ndikuonetseni," ndinatero. "M'bokosimo mulibe mwala ngakhale umodzi umene munthu angagule."

Anandilola. Ndinatulutsa umodziumodzi pa tebulo lake. Woyera woonekera uja amene mwina ankauyesa dayamondi, ndinamuonetsa kuti ndi nsangalabwi yomweyo imene inaswekasweka n'kukhala mchenga wa m'misewu yathu. Wonyezimira ndinausenda ndi chikhadabo. Wakuda wofewa ndinalemba nawo mzere pa pepala lake ngati pensulo. Wofiirira ndinaukhula pa sosala, unasiya mzere wofiira ngati katondo, ndinati ndi mwala wa chitsulo umene makolo ankasungunula, uli mbwee m'mapiri. Nditadonthezera viniga pa mwala wa laimu iye anaweramira pafupi kuti amve kulira kwa thovu, nafunsa ngati umenewu ndi womwe amapangira njereza. Ndinati inde. Mtima wanga unayamba kukhala pansi. Ndinayankhula pafupifupi ola lathunthu, ndipo sindinaphunzitsepo bwino chotero m'moyo wanga.

Nditamaliza anapukuta tebulo ndi dzanja.

"Mwaphunzira bwino, mayi," anatero. "Koma muno mulibe munthu amene akuganiza kuti mdala uja ali ndi dayamondi."

"Nanga bwanji simukuwamasula?"

"Pepala linasainidwa kale kumtunda. Ananyamuka dzana, apita kumwera." Anayang'ana kuchitseko, natsitsa mawu. "Bwererani mukaphunzitse ntchito idakalipo. Ndipo muno musabwerenso, ndakupemphani."

Ndinatuluka ndi botolo langa la viniga m'manja ngati chitsiru. Ndinayenda wapansi mpaka kwathu ndikulira poyera, anthu akupatuka.

Kunatsala khomo limodzi, ndipo ndinapitako. Ndinawapeza a tcheyamani akupala thabwa pansi pa shedi yawo. Ndinagwada pa zipalo zija, ine amene sindinkagwadira munthu mosavuta, ndinapepesa ndi mawu onse amene ndinkadziwa m'Chichewa ndi m'Chitumbuka momwe. Ndinati ndilangeni ine, ndichotsetseni ntchito, ndiimikeni pa msonkhano ndipepese pagulu. Iwo sanasiye kupala.

"Mwana wane, ine nkhumanya yayi," anatero, kutanthauza kuti sakudziwapo kanthu. "Izo n'za boma. Ine ndine kalipentala waka."

Kuyambira pamenepo nyumba yathu inakhala ngati ya khate. Amayi a kutchalitchi ankapatsa moni mayi akuyenda, osaima. Kusukulu aphunzitsi anzanga ankatuluka m'chipinda ndikalowa, ndipo sindiwada, anali ndi ana. Amene sanasinthe anali mayi wina wachisilamu wa ku Mangochi, mkazi wa mwini golosale ya pakona, amene ankabwera masana poyera atafunda mpango wake, n'kukhala ndi mayi osanena zambiri. Kalata sitinalandire ngakhale imodzi. Sitinkadziwa ndende yake. Nyengo yozizira itafika, ija ya ku Mzuzu yolowa m'mafupa, mayi ankatenga bulangete lija n'kulipinda, kulifunyulula, kulipindanso. Sanandinenepo mawu oipa chiyambire tsiku lija la pakhonde, ndipo ndikanakonda akanandimenya.

Dzinja linadutsa kawiri. Tsiku lina madzulo dzuwa lisanalowe ndikuchokera kusukulu, ndinaona nkhalamba itakhala pamphepete pa ngalande pafupi ndi mpanda wathu, ikupuma ngati yathamanga. Ndinaidutsa. Ndinazindikira jekete la bambo lija nditafika kale pakhomo. Anali atawamasula ndi tikiti ya basi, ndipo kuchokera kudepoti anayenda okha kuyambira masana, akupumira pa mtengo uliwonse. Mano a kutsogolo kunalibe, miyendo inali yotupa mpaka m'mawondo, buluku anamanga ndi luzi. Ndinawabereka kumbuyo kulowa nawo m'nyumba, ndipo sankalemera kuposa mwana wa Sitandade 3.

Aliyense ankadziwa chifukwa chimene ankamasulira anthu otere, kuti akafere kwawo. Kuchipatala anawayang'ana, natiuza kuti tizikawasamalira kunyumba. Anakhala nafe masiku khumi ndi limodzi. Za kundende sananene kanthu, kupatula kamodzi pamene anauza mayi kuti ankagona pa simenti ndipo madzi ankachokera pansi. Mpweya unali wochepa moti mawu aliwonse ankachita kuwasankha.

Tsiku lachisanu ndi chitatu mayi atapita kukatunga madzi, ndinagwada pambali pa bedi. Ndinali nditakonza mawu amenewa kwa miyezi yonse ija. Ndinati bambo, munandiletsa ndipo ndinakumvani, koma ndinapitiriza chifukwa ndinkafuna kuti anthu aone kuti ndimadziwa. Ndinati sizinali za ulemu wanu zokha, zinalinso za kunyada kwanga. Ndinati ndikhululukireni. Anayang'ana kudenga nthawi yaitali, chifuwa chikulira.

"Ndamva," anatero.

Ndinadikira kuti apitirize. Anapempha madzi. Mwina mpweya unawathera, mwina ananena zonse zimene anali nazo, sindidziwa ndipo palibe woti ndimufunse. Anamwalira Lachinayi m'mawa, mayi atawagwira dzanja.

Maliro a munthu wochokera kundende anthu ankawaopa. Abale a ku Ntcheu anabwera atatu, a ku Nkhata Bay asanu, ndi akulu a mpingo ochepa amene sakanachitira mwina. Amayi a m'dera amene pa maliro ena amadzaza kukhitchini, panabwera owerengeka, moti ine mwana wa malemu, woyenera kukhala m'nyumba pafupi ndi mayi, ndinkatuluka kukathandiza kuphika ndi kutunga madzi.

Koma masiku amenewo maliro sankaikidwa popanda mawu a chipani. A tcheyamani anabwera, ndipo tsopano sanali a dera lathu lokha, anali atakwezedwa. Anabwera pa galimoto atavala suti. Anthu atamva kuti afika, anayamba kutuluka m'nyumba zawo, bwalo n'kudzaza. A tcheyamani anaimirira pafupi ndi bokosi la maliro nayankhula bwino kwambiri. Anati dera lataya katswiri, munthu wofatsa amene anamanga misewu imene tikuyendamo, membala wokhulupirika amene khadi lake silinkatha ntchito. Anapempha anthu kuti asamale mayi wamasiyeyu. Anthu anavomera ndi kung'ung'udza kwaulemu.

Titabwerako kumanda, akuluakulu anakhala pa mipando pansi pa mtengo wa mapeyala kudikira chakudya. Panalibe wowasambitsa m'manja. Ine ndinali kuseri kwa nyumba, mawu atadzaza m'kamwa mpaka kundiwawa. Ndinkadziwa chimene ndikanene, ndipo ndinkadziwa kuti bwalo lonse limva. Mayi anatuluka m'nyumba, maso otupa, atanyamula beseni ndi jagi. Anandipatsa m'manja, osandisiya mpaka nditawayang'ana.

"Ndatsala ndi iwe wekha," anatero. "Pita ukawasambitse."

Ndinapita. Ndinayambira kwa a tcheyamani, poti ndiwo anali aakulu pa onse. Ndinagwada pa dothi lonyowa, n'kuika beseni pansi pa manja awo, n'kuyamba kuthira. Anasamba mosafulumira, chala chimodzichimodzi, akucheza ndi m'busa za mvula ya chaka chimenecho. Kenaka anatembenuza manja, nandiyang'ana.

"Thiraniko pachoko kuno, mama."

"Chabwino, bambo," ndinatero.

Ndinathira mosamala, ndipo pa nsapato zawo sipanagwe ngakhale dontho limodzi.